Galu Amene Analuma Edna

Lamlungu pa 18 June chaka cha 2000, Felistas Daka anafika pa makola a bungwe loteteza ziweto ku Ndola akuchokera ku Misa yoyamba, napeza khola lakumapeto lili pululu. Chitseko cha waya chinali chotseka bwinobwino, loko ali m'malo mwake, mbale ya madzi ili yodzaza mpaka m'milomo. Galu yekha ndiye munalibe.

Anaima atagwira waya uja. Agalu ena onse akanatha kusowa iye n'kungodandaula. Koma uyu ayi.

Lachinayi lapitalo galu ameneyu, chimphona chakuda chomwe alonda ankachitcha Danger, analuma mwana wazaka zisanu ndi ziwiri, Edna Miti, kuseri kwa golosale ina ku Masala. Anamuluma paphewa, pafupi ndi khosi. Felistas ndiye analanda galuyo tsiku lomwelo, anthu atatola kale miyala, ndipo ndiye anaperekeza mwanayo ndi makolo ake kuchipatala. Mawu a dokotala ankawakumbukira onse.

"Katemera wa chiwewe ndatsala naye wokwanira munthu mmodzi. Olumidwa ndi agalu ndimawaona tsiku ndi tsiku. Ndikam'baya uyu lero, mawa n'kubwera wolumidwa ndi galu wodwaladi, ndidzamuuza chiyani? Msungeni galuyo masiku khumi. Akayamba kudwala, kapena akafa adokotala a ziweto n'kupeza chiwewe muubongo, thamangani naye mwanayu. Popanda galu ndilibe poyambira."

Tsopano galuyo panalibe. Ndipo Felistas ankadziwa chimene makolo a Edna sankachidziwa: bala likakhala pafupi ndi mutu, matendawa sachedwa kufika, ndipo akangoonekera palibenso jakisoni wothandiza.

Anatsegula ndi kiyi wake n'kulowa. Pansi panalibe magazi. Pakona panali timiyulu ta ubweya wakuda. Anatola kamodzi. Ubweya wothothoka wokha umakhala ndi mizu. Uwu unali wodulidwa mofanana, ndi sizasi. Kunja, pafumbi la njira yopita kugeti, mapazi a galu ankayenda pambali pa mapazi a munthu wovala nsapato za matayala. Panalibe pamene galuyo anakokedwa kapena kukanirira. Lachinayi lija panafunika ndodo yokolera agalu ndi amuna awiri kuti alowe m'galimoto. Lero anatuluka yekha ngati wopita kokayenda.

Bungweli linayambitsidwa ndi akazi a mabwana a m'migodi ndi m'mafakitale. Migodi itagulitsidwa, mafakitale a mu Ndola akutsekedwa limodzi ndi limodzi, mabanja amenewo anapita, ambiri n'kusiya agalu awo. Antchito a bungwe anatsala awiri okha: Felistas, amene ankayendera madandaulo a nkhanza, ndi a Ackson, mkulu wosamala makola. Makiyi analinso awiri.

A Ackson anafika dzuwa litakwera, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Ataona khola lija anavula chipewa.

"Mayo ine! Wapita kuti?"

"Ndimati mundiuze ndinu, Ba Ackson. Munamuona liti komaliza?"

"M'mawa, amayi, ndisanapite ku Misa ku Masala. Analipo. Chakudya anakana, monga dzulo."

"Madzi?"

"Amangowayang'ana chabe."

Felistas anawayang'anitsitsa. "Bwanji simunandiuze dzulo?"

"Ndimati ndi mphepo ya June. Ngakhale ine madzi sindikumwa kwenikweni."

"Kiyi wanu ali kuti?"

Mkuluyo anapisa m'malaya natulutsa kolona. Kiyi anali womangirira pafupi ndi mtanda. "Uyu sachoka pano. Mufunse aliyense."

"Loko sanathyoledwe."

"Akuba a masiku ano ndi ophunzira, amayi. Ena anali mafita, amisiri a zitsulo, kumgodi." Ankalankhula akuyang'ana chipewa chawo. "Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi a Njobvu, eni galuyo. Mlandu uli pa iwo."

*

Horace Njobvu anali wapolisi wa pamgodi ku Kitwe mpaka pamene anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake. Anabwera ku Ndola n'kutsegula kampani ya alonda m'kontena yakale kuseri kwa msika wa Masala. Kuba kutachuluka m'tauni, eni masitolo ankabwereka kwa iye mlonda ndi galu. Bungwe linali litam'sumira kale chifukwa cha Danger: nthiti zonse poyera, khosi lodyeka ndi tcheni, chikalata cha katemera palibe. Galuyo ndiye anali umboni.

Felistas anam'peza atakhala pa kreti, akupukuta nsapato zake za ntchito yakale.

"Madam wa agalu! Pa Sande? Mwabwera kunimanga?"

"Danger wabedwa m'mawa uno. Munali kuti?"

Burashi inaima. Kenaka Horace anaseka mpaka kutsokomola. "Wabedwa? Uyo wakuba mum'patse mendulo. Ine ninali pano kuyambira 06 hours, kulandira ma boys ochoka ku night. Afunseni. Apo pali Collins, apo pali enawo."

"Anyamata anu anganene chilichonse chimene mungawauze."

"Sure. Manje nimvereni, madam. Ine galu uja sinim'gwira. Palibe boy wanga angam'gwire. Chakudya tinali kum'patsa pa fosholo."

"Pamene mwakumbukira kum'patsa."

"Akakhuta amagona, ine nalipira mlonda osati mlendo. Izo tikakambirana ku khoti." Anabweza nsapato pansi. "Koma kunena zoona, uja anasintha. Kale anali waukali wa nzeru. Masabata apitawa anayamba zina. Kuluma tcheni mpaka dzino kuthyoka. Kudya miyala. Kuuwa mawu ngati si ake."

"Chinam'chitikira n'chiyani?"

"Tinamuika ku fakitale ina yotsekedwa ku industrial. Udzu kuja wafika m'chiuno, palibe wotchetcha. Boy wanga ati kunabwera nkhandwe masanasana, yosaopa munthu. Zinagwirana. Danger anaipha, koma inam'ng'amba pamphuno."

"Nkhandwe masana," anatero Felistas pang'onopang'ono. "Ndipo inu munam'tenga n'kukam'manga ku golosale kumene ana amadutsa."

Horace anasiya kumwetulira. Anayang'ana manja ake, kuseri ndi kutsogolo, ngati akufunafuna kabala. "Muganiza ni chiwewe?"

"Munam'gula kwa yani?"

"Kwa mzungu wina ku Kanini, injiniya. Anali kupita ku South, anagulitsa zonse, mafiriji, makatani, galu. Ninam'tenga na tcheni yake." Anaimirira. "Madam, ngati uja ali panja, ana anga apita ku Sunday school na mapazi."

"Ndiye tumani anyamata anu azungulire msika. Akamuona asam'menye kumutu. Mwamva? Mutu ndikuufuna wathunthu."

Anatuluka m'kontenamo akudziwa kuti Horace sananame. Mantha aja sanali ochita kupanga. Koma ngati mwini galu ankam'dyetsa pa fosholo, ndani mu Ndola yense amene akanam'meta ubweya ndi sizasi, galuyo n'kungoima?

*

Banja la a Miti linkachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni ake, mkati mwa Masala. Pabwalo panali mulu wa miyala yoswaswa. Masauso Miti, bambo wa Edna, ankaswa miyala n'kumagulitsa kwa omanga nyumba. Mkazi wake Zelipa anali pakhomo, akupepeza mbaula.

"Odi, amake Edna."

"Lowani, Ba Felistas." Sanadzuke. Maso ake anathamangira kumsewu n'kubwerera.

"Mwana wagona bwanji?"

"Bwino chabe. Wadya phala."

"Atate ake alipo?"

"Apita ku Misa."

"Misa yatha kale. A Ackson abwerako."

"Kapena ali ku miting'i ya mphakati."

Felistas analowa. M'chipindamo munali fungo limene analizindikira asanaone kanthu, fungo la nkhuku yowauka nthenga. Edna anali chigonere pamphasa, atafunda chitenje. Bandeji ya kuchipatala inali itamasulidwa n'kumangidwanso mokhota, ndipo m'mphepete mwake munali zakuda ngati mwaye.

"Auntie," anatero mwanayo, "Bruno wachira?"

"Bruno ndani, mwanawe?"

"Galu. Uja munam'tenga."

"Dzina lake si Danger?"

Edna anapukusa mutu, nakwinya nkhope chifukwa cha bala. "Ni Bruno. Wa kwa bwana ku Kanini. Tinali kukhala kuseri. Ninali kum'kwera pamsana nili mwana. Ninam'peza ku golosale ali woonda, nati nim'patse chitumbuwa." Anagwira bandeji. "Sananidziwe."

Felistas anatembenuka. Zelipa anali ataima pakhomo, chopepezera chili m'manja.

"Amuna anu ankagwira ntchito kwa injiniya uja."

"M'munda. Mpaka bwana atapita."

"Galuyo anam'lera ndi iwo."

"Kuyambira ali kamwana. Anali kum'mwetsa mkaka na botolo."

"Bwanji simunanene Lachinayi?"

"Munatifunsa? Munafunsa za bala chabe."

Zinali zoona, ndipo Felistas anazimeza. Anagwada n'kukweza bandeji pang'ono. Pabala panali phulusa losakaniza ndi mafuta, tiubweya tosapsa bwino tikuonekera.

"Ichi mwaika liti?"

"M'mawa." Zelipa anakweza chibwano. "Musaniyang'ane choncho. Kwathu ku Katete ndiye mankhwala ake. Ubweya wa galu yemweyo, kuwotcha, kupaka. Amayi anga anachita pa mlongo wanga, lero ali na ana asanu. Kuchipatala anatipatsa chiyani? Panado na mawu."

"Kiyi anakupatsani ndi a Ackson."

"Ni atate ake a ubatizo a Edna. Akanakana bwanji? Anapatsa mwamuna wanga pakhomo pa tchalitchi, iye n'kubweza Misa isanathe. Anawauza kuti afuna ubweya chabe. Musawachotse ntchito, iwo sadziwa zinazo."

"Zinazo ziti?"

Zelipa anayang'ana mwana, natulukira pabwalo. Felistas anam'tsatira mpaka pa mulu wa miyala.

"Inu mwati tidikire masiku khumi," anayamba motsitsa mawu. "Tidikire chiyani? Tidikire kuti galu apenge? Aliyense adziwa kuti galu akapenga ali moyo, na munthu amene anam'luma apenga. Afunika afe asanayambe. Akafa ali bwino, mwana apulumuka. Apongozi anga anatuma mawu, azimayi a kumsika onse anena chimodzimodzi. Inu mwam'tsekera m'khola, mukum'patsa chakudya, mukudikira. Ine usiku sinigona, nimangomvetsera mmene apumira mwana wanga."

"Amake Edna, matenda ngati analowa, analowa Lachinayi. Kupha galu sikuwatulutsa. Galuyo ndiye angatiuze ngati mwana afunika jakisoni uja. Ndi dokotala anatero, inu mulipo."

"Afe basi. Mukayeze wakufayo."

"Amuna anu amupha ndi chiyani?"

"Atenga mpini wa piki."

Felistas anatseka maso. Mpini wa piki umagwera pamutu. "Akamuphwanya mutu palibe choyeza. Ndipo akatha?"

Mawu a Zelipa anayamba kuchepa. "Ati am'ponya mu mtsinje wa Kafubu. Kuti a bungwe asadziwe."

"Ndiye dokotala adzati galu palibe, katemera adzam'patsa wina. Mwamva zimene ndikunena? Galu uja analumidwa ndi nkhandwe yodwala. Kuyambira dzulo sakumwa madzi."

Chopepezera chinagwa pansi. Zelipa anagwira Felistas pamkono, zala zikulowa m'mnofu.

"Kumchenga. Kumene akumba mchenga, kumunsi kwa mlatho. Anabwera na ubweya, galu anam'manga kuseri uku, ndiye anapita naye. Papita nthawi. Mayo, papita nthawi!"

"Tsukani balalo ndi sopo, madzi ambiri. Mum'veke mwana. Musachoke pano."

*

Galimoto ya bungwe inali yakale, yosiyidwa ndi mmodzi wa mabwana aja, ndipo msewu wa kumchenga unali maenje okhaokha. Felistas anaisiya pamene matayala anayamba kutitimira, natenga ndodo yokolera agalu, magolovesi achikopa ndi sopo amene ankakhala pansi pa mpando. Pa Sande okumba mchenga kunalibe. Kunali zii, kupatula mphepo m'bango.

Anayenda akumvetsera kulira kwa galu kapena kugunda kwa mtengo. Sanamve chilichonse, ndipo chete ameneyo anamuopsa kuposa phokoso. Ankayang'ana pamadzi, kuopa kuona chinthu chakuda chikuyandama.

Anawapeza kuseri kwa dzenje lalikulu, pansi pa mtengo wa mkuyu. Masauso anali atakhala pamchenga, mpini uli pambali pake. Galu anali womangidwa kumtengo ndi chingwe cha sisalo, ali moyo.

Felistas anapuma kamodzi, mozama. Kenaka anayang'anitsitsa galuyo.

Miyendo yakumbuyo inali itagwa, ikukwekwereza pamchenga. Kamwa linali pululu, chibwano chikulendewera ngati chathyoka, lilime lili panja, lakuda ndi fumbi. Dovu linkatsika mosalekeza mpaka pachifuwa. Maso ankayang'ana kutsogolo osaona kanthu. Felistas anali ataonapo zimenezi kawiri pa ntchito yake. Chiwewe china sichipengetsa galu mpaka kumapeto. Chimam'fooketsa, kuyambira kummero.

"A Miti," anaitana chapansipansi. "Sunthani. Bwerani kuno pang'onopang'ono."

Masauso anatembenuka. Anali munthu wamng'ono thupi, wa imvi zoyamba kumene. Sanadabwe kumuona.

"Ndalephera, amayi. Ndakweza mpini katatu. Akundiyang'ana." Anapukuta m'maso ndi phewa. "Mundimange ngati mufuna. Koma galuyu anam'lakwira ndi anthu. Kwa bwana ankadya nyama ya kubutchala. Onani mmene am'chitira."

"Ndaona. Bwerani kuno."

"Ndipo si wamisala ayi. Zelipa angochita mantha. Wamisala angayende nane kuchokera kumakola mpaka kuno? Angandilole kum'meta? Anandidziwa nditangoti Bruno. Anagwedeza mchira." Analoza kukamwa kwa galu. "Vuto lake ndaliona. Fupa lam'tsamwa. N'chifukwa chake sakudya, sakumwa, kamwa silitseka. Anachitapo kale ali mwana, fupa la nkhuku, ndinam'chotsa ndine. Koma ili lalowa kwambiri. Ndafufuza, ndafufuza, sindikulipeza."

"Mwafufuza ndi chiyani?"

Masauso anakweza dzanja lamanja.

Linali lonyowa mpaka pamkono, likunyezimira padzuwa. Linali dzanja la munthu woswa miyala: zala zong'ambikang'ambika, mabala akale ndi atsopano, chikhadabo chimodzi chochoka. Pamfundo za zala panali mizere iwiri yofiira pamene mano anakanda potuluka.

Felistas sanakumbuke kuti anafika bwanji pamene panali munthuyo. Anam'gwira pa kolala n'kum'kokera kumtsinje ngati mwana, nam'gwetsa maondo m'madzi, n'kumuika sopo m'manja.

"Sambani! Musasiye mpaka nditanena. M'zala, m'zikhadabo, paliponse."

"Amayi, ndi malovu chabe."

"M'malovumo ndimo muli matenda! Mulibe fupa m'menemo, a Miti. Mmero wafa. Ndi chiwewe."

Masauso anasiya kupaka sopo. Anayang'ana galu, nayang'ana dzanja lake.

"Pakani!"

Anayambanso, mwakachetechete. Thovu linkatsetsereka ndi madzi. Felistas anavala magolovesi, nakola galu ndi ndodo ija. Sanalimbane. Anam'kwekwereza mpaka kugalimoto, thupi lolemera ngati thumba la simenti, n'kum'tsekera m'bokosi la waya kumbuyo. Anatseka loko. Adokotala a ziweto akanam'goneka ndi jakisoni madzulo omwewo, mutu uli wathunthu. Koma dokotala wa kuchipatala anati galu akayamba kudwala athamange. Uyu aliyense womuona sakanatsutsa.

Atabwerera kumtsinje anapeza Masauso akadapaka, sopo atatsala kachidutswa.

"Ndiye Edna alandira jakisoni," anatero osatembenuka.

"Lero lomwe."

"Achira?"

"Tafulumira. Sanayambe kudwala. Akalandira onse monga mwa masiku ake, achira."

Masauso anagwedeza mutu. Anatsukuluza dzanja, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Dokotala uja anati wa munthu mmodzi."

"Inunso mufunika. Mabala awo ndi otseguka."

"Anati wa munthu mmodzi. Ndinalipo, amayi."

"Ndiimba ku Kitwe. Ndiimba ku Lusaka, kumishoni, kulikonse. Mawa m'mawa ndiyamba. Katemera apezeka."

Felistas mwiniwake anamva mmene mawuwo anapepukira. Mwezi wa April anaimba malo onsewo chifukwa cha mlimi wina wa ku Luangwa, ndipo anam'peza katemera patapita milungu. Masauso anamumvetsera mwaulemu, monga ankamvetsera bwana wake akamalonjeza kuti adzam'tumizira kalata.

"Muimbe," anatero. "Koma lero kuchipatala musatchule za ine. Akamva kuti tili awiri ayamba kuganiza, kuyeza uyu ndi uyu, mwina kugawa pakati. Ine sindifuna aganize."

"A Miti, sindingabise chinthu chotere."

"Mawa munene. Edna akalandira jakisoni woyamba, dzina lake litalembedwa pa mabotolo onse." Anaimirira, maondo a buluku akudontha madzi. "Ndi Zelipa yemwe musamuuze. Ndiye anandituma. Akadziwa sadzadzikhululukira."

Felistas anatembenukira kumene kunali galimoto. M'galimoto galu anayesa kuuwa, mawu ake n'kutuluka osasa, osweka pakati.

Masauso anapukuta dzanja lija pamalaya, nalilowetsa m'thumba la buluku.

"Tiyeni tikatenge mwana," anatero.